KULOLERANA PA ZA CHIPEMBEDZO: Phunziro Lochokera ku Bua ndi ku Nkhotakota

Mwa mitsinje yonse imene ithira m'Nyanja ya Malawi kuchokera m'Chigawo cha Pakati, Bua ndiwo wodziwika koposa. Uchokera kutali m'dziko la Mchinji, nudutsa m'malire a Kasungu, nulowa m'nkhalango yosungiramo nyama ya Nkhotakota, nutsikira ku madambo a kunyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota, kumene mseu waukulu wochokera ku Salima kunka ku Dwangwa uoloka pa mlatho. Asodzi audziwa mtsinjewu chifukwa cha mpasa, nsomba imene ikwera m'menemo kukaswana. Alimi audziwa chifukwa cha mpunga wa m'madambo ake. Koma gombe limeneli lili ndi chuma china chimene sichilembedwa m'kaundula wa zokolola. Kuyambira chaka cha 1894 Asilamu ndi Akristu akhala kumeneko khomo ndi khomo, nalima m'munda umodzi, nakwatirana, naikana m'manda, angakhale kuti pa za Mulungu sagwirizana ndipo sabisa kuti sagwirizana.

Masiku ano a mawailesi ambiri, a zimkuzamau za pa misika, ndi a mafoni okhala m'manja mwa ana a sukulu, funso lakale lauka ndi mphamvu yatsopano: kodi munthu aloledwa kunena zotani za chipembedzo cha mnansi wake, ndipo Boma liyenera kulowererapo pati? Funsoli ligwera aphunzitsi ndi antchito a Boma kawirikawiri kuposa anthu ena onse, pakuti mkangano ukabuka, khomo loyamba kugogodwa ndi la mphunzitsi wamkulu kapena la Bwanamkubwa wa boma. Mbiri ya ku Nkhotakota ithandiza kuliyankha.

Kufika kwa a Jumbe

Pa gombe limeneli Chisilamu chinafika Chikristu chisanamveke. Cha m'zaka za m'ma 1840 wamalonda wa Chiswahili, Salim bin Abdallah, anapeza malo pakati pa Achewa namanga mudzi wake pa Nkhotakota. Iye pamodzi ndi olowa m'malo mwake anatchedwa a Jumbe. Iwowa anapanga zombo za matanga, naolotsa minyanga ya njobvu ndi akapolo kunka kutsidya la kum'mawa, kumene unayambira ulendo wapansi wa miyezi wokafika ku Kilwa. David Livingstone anafika pa Nkhotakota m'chaka cha 1863, ndipo mbiri ya kumeneko inena kuti anakhala pansi pa mtengo wa mkuyu nadandaulira Jumbe ndi mafumu kuti aleke kugulitsa anthu. M'buku lake la m'chaka cha 1865 analemba chiwerengero chimene anachimva kwa kazembe wa Angerezi ku Zanzibar, chakuti akapolo 19,000 ochokera ku dziko la kunyanja kuno anali kupitira pa nyumba ya msonkho ya pa chilumbacho chaka chilichonse.

Choipa chimenechi sichingabisike, ndipo palibe chifukwa chakuchibisira. Koma mbiri ikhala yopunduka ikalekera pomwepo. A Jumbe omwewo ndiwo anakuza ulimi wa mpunga pa gombelo, nafika ndi luso la kumanga zombo ndi la kulemba m'zilembo za Chiarabu. Achewa ambiri othawa nkhondo za Angoni anadza kudzabisala pafupi ndi mudzi wa Jumbe, ndipo pokhala pamenepo analowa Chisilamu. Ndicho chifukwa chake Asilamu ambiri a ku Nkhotakota ali Achewa enieni, a mafuko omwewo a Banda ndi Phiri amene adzaza matchalitchi a ku Dowa ndi ku Ntchisi. Amene ayesa kuti Chisilamu m'dziko muno ndi cha Ayao okha aonetsa kuti sanafike ku Bua.

Misyoni pakati pa Asilamu

M'chaka cha 1889 Harry Johnston anapangana chipangano ndi Jumbe wachitatu, ndipo m'chaka cha 1891 dziko linalowa m'manja mwa Angerezi. Jumbeyo anamwalira m'chaka cha 1894, ndipo wolowa m'malo mwake sanakhalitse: atsamunda anamchotsa pa mpando namtumiza ku Zanzibar. M'chaka chomwecho cha 1894 mpingo wa Anglican, umene unali kale ndi likulu lake pa chilumba cha Likoma, unatumiza wansembe Arthur Fraser Sim kukayamba misyoni pa Nkhotakota. Sim anamwalira chaka chotsatira. M'mwezi wa Sepitembala 1895 Bishopu Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene, anamira m'nyanja ngalawa yake itagubuduzika ndi namondwe, naikidwa pa Nkhotakota, kumene manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints. Pambuyo pake panamangidwa chipatala cha St Anne's, chimene chachiza odwala a zipembedzo zonse kwa zaka zoposa 100.

Chofunika kuchisamala m'mbiri imeneyi ndi ichi: misyoni inakhazikika pakati peni peni pa mudzi wa Asilamu, nigonekamo bishopu wake, ndipo mzikiti sunasamuke, tchalitchi nachonso sichinathamangitsidwe. Mbali zonse ziwiri zinalalikira momasuka, zinalandana anthu, zinatsutsana pa za Yesu ndi za Muhammad. Koma mpunga unafuna manja ambiri pa nthawi yookera, ndipo khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi. M'midzi yotere munakhazikika mwambo umene udziwika m'madera ambiri a dziko lino, wakuti Mkristu akafuna kupha mbuzi ya pa ukwati kapena pa maliro aitana Msilamu kuti adzaizinge, kuti alendo onse adye popanda wina kukaika. Mwambo umenewu sunalembedwe m'lamulo lililonse, koma wasunga mtendere kuposa malamulo ambiri olembedwa.

Maganizo amene atsalira

Angakhale zili chomwecho, mbali iliyonse yasunga chithunzi chokhota cha inzake, ndipo zithunzi zimenezi zili ndi magwero ake odziwika.

Akristu ena akamva za Chisilamu akumbuka ukapolo wokha. Aiwala kuti maiko a Azungu odzitcha a Chikristu anaolotsa anthu a mu Africa mamiliyoni kunka ku America, kuti Apwitikizi anachita malonda omwewo pa Zambezi, ku Tete ndi ku Quelimane, ndi kuti Angerezi eni ake analetsa malondawo m'chaka cha 1807 atalemera nao kale. Aiwalanso kuti pakati pa ogwira ndi ogulitsa anthu panali mafumu a mitundu ya kuno, osapembedza mu mzikiti kapena m'tchalitchi. Mlandu wa ukapolo ndi waukulu ndithu, koma suli wa chipembedzo chimodzi, ndipo mwana wa Msilamu wokhala pa benchi la sukulu ya ku Bua alibe ngongole ya Jumbe.

Asilamu ena nao akamva za Chikristu akumbuka utsamunda, ndi sukulu imene inali ngati msampha. Pa ichi ali ndi chifukwa chomveka. Kufikira chaka cha 1926, pamene Boma la atsamunda linayamba kukhala ndi dipatimenti yoona za maphunziro, ntchito ya sukulu inali m'manja mwa amisyoni, ndipo ngakhale pambuyo pake sukulu zambiri zinakhalabe zao. Kholo la Chisilamu linaopa kuti mwana akapita kumeneko adzabwera ndi dzina lachilendo, atabatizidwa, atasiya miyambo ya kwao. Choncho ambiri anatumiza ana ku madrasa kokha. Zotsatira zake zinaoneka patapita mbadwo umodzi: akalaliki, aphunzitsi ndi madokotala anachuluka mwa Akristu, Asilamu natsalira ku usodzi, ku utelala ndi ku malonda ang'onoang'ono. Pamenepo panabadwa bodza lachiwiri, lakuti Asilamu sakonda maphunziro, pamene chimene anachikana chinali mtengo umene unaikidwa pa maphunzirowo. Boma la Nkhotakota lomwelo linabala Dr Cassim Chilumpha, Msilamu wophunzira za malamulo, amene anakhala Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko kuyambira 2004 kufikira 2009.

Chithunzi chachitatu n'chochokera kunja. Kuyambira pa zoopsa za ku New York za pa 11 Sepitembala 2001, ndi nkhondo ya ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique imene inabuka m'chaka cha 2017, anthu ena ayamba kutchula Chisilamu ndi uchigawenga mu mpweya umodzi. Ndipo mbali inayo ena ayesa kuti nkhondo iliyonse ya maiko a Azungu ndi nkhondo ya Akristu onse. Maganizo awiriwa alowa m'mudzi kudzera pa Facebook ndi pa WhatsApp, opanda wowafunsa kumene achokera. Makolo anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chimene lamulo linena

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo mwa anthu 100 alionse, pafupi 14 anali Asilamu, oposa 75 anali Akristu a mipingo yosiyanasiyana. Malamulo aakulu a dziko, a m'chaka cha 1994, sayang'ana kuchuluka kumeneku. Ndime 33 ipatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, wa chipembedzo ndi wa maganizo. Ndime 35 ipereka ufulu wa kulankhula. Ndime 20 iletsa tsankho, kuphatikizapo la chipembedzo. Ndime 44 ilola kuti ufulu uikidwe malire, koma pokhapokha malirewo atalembedwa m'lamulo, ali oyenera, ndipo ali ofunikadi m'dziko la ufulu. Kuonjezera apo, malamulo a milandu alanga munthu woononga malo opembedzeramo, wosokoneza mapemphero, ndi wonena mau ndi cholinga chakubvulaza mnzake pa chikhulupiriro chake.

Ndime zimenezi zinagulidwa ndi misozi. M'chaka cha 1967 mpingo wa Mboni za Yehova unaletsedwa m'dziko muno, makamaka chifukwa anthu ake anakana kugula makadi a chipani. M'chaka cha 1972 zikwi za iwo zinathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zao zitatenthedwa. Chiletsocho chinachotsedwa m'chaka cha 1993. Amene anakhala chete pamene Mboni zinali kuzunzika anazindikira mochedwa kuti chingwe chomanga pakamwa pa mpingo waung'ono chikwana kumanganso pakamwa pa waukulu: maepiskopi a Chikatolika atawerengetsa kalata yao ya pa 8 Malichi 1992, kalatayo inayesedwa youkira Boma. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'chaka chomwecho munabadwa bungwe la Public Affairs Committee, m'mene atsogoleri a Chikristu ndi a Muslim Association of Malawi anakhala pa mkeka umodzi kukambirana ndi Boma, kufikira chisankho cha pa 14 Juni 1993 chimene chinabwezera dziko ku zipani zambiri. Chaka chotsatira, dziko la Akristu ochuluka linasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala Mtsogoleri wake. Ufulu wa kulankhula umene Amalawi ali nao anaupeza Asilamu ndi Akristu ali phewa ndi phewa.

Pamene moto unabuka

Koma mtendere wotere sudzisunga wokha. Zotsatira za chisankho cha mu Juni 1999 zitalengezedwa, mizikiti ingapo inatenthedwa m'Chigawo cha Kumpoto: mkwiyo unali wa ndale, koma unagwera pa nyumba zopemphereramo. M'chaka cha 2000 Unduna wa Maphunziro unafuna kuchotsa phunziro la Baibulo m'sukulu za sekondale ndi kuikapo lina lophunzitsa za zipembedzo zonse. Mipingo inakana zolimba, Asilamu nachirikiza phunziro latsopanolo, ndipo mapeto ake anali akuti maphunziro onse awiri akhalepo, anthu asankhe. Mu Juni 2003, alendo asanu oganiziridwa za uchigawenga atagwidwa ku Blantyre ndi kutulutsidwa m'dziko, chipolowe chinabuka ku Mangochi ndipo matchalitchi anaonongedwa, angakhale kuti Akristu a ku Mangochi sanagwire munthu aliyense.

Mu Novembala 2019, ku M'manga m'boma la Balaka, mkangano wa hijabu, mpango umene atsikana a Chisilamu abvala kumutu, unafika pa kumenyana pa sukulu ya mpingo wa Anglican. Anthu anabvulala, nyumba zopemphereramo zinaonongeka, ana nataya masiku ao a sukulu. Nkhaniyo inatha pa tebulo: mu Juni 2021 atsogoleri a mbali zonse ziwiri, motsogozedwa ndi Public Affairs Committee, anasaina chipangano cholola atsikana kubvala hijabu yogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi Boma. M'chaka cha 2020 chikwangwani choikidwa pa mseu ku Blantyre, choitana owerenga Baibulo kuti awerengenso Korani monga buku lotsiriza, chinautsa madandaulo a Akristu ena; chitatsitsidwa, Asilamu nao anadandaula kuti atsekedwa pakamwa. Ndipo mu Meyi 2023 Bwalo Lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari asaletsedwe sukulu za Boma chifukwa cha tsitsi lao.

Wosanthula nkhani zimenezi aona zinthu ziwiri. Choyamba, zambiri zinabukira pa sukulu kapena pa malo a anthu onse, ndiye kuti m'manja mwa antchito a Boma. Chachiwiri, palibe imodzi imene inathetsedwa ndi mwala kapena muuni. Zimene zinatha zinatha pa bwalo la milandu kapena pa mkeka wa zokambirana, kumene zikadayambira.

Malire a lilime

Pali zinthu zitatu zimene anthu azisokoneza, ndipo wantchito wa Boma ayenera kuzilekanitsa.

Choyamba ndi kutsutsa chiphunzitso. Mkristu akhulupirira kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, kuti anapachikidwa nauka; Msilamu alemekeza Yesu monga mneneri Isa, mwana wa Mariyamu amene sura ya 19 ya Korani itchedwa ndi dzina lake, koma akana Utatu ndi kupachikidwako, nakhulupirira kuti Muhammad ndiye mneneri wotsiriza. Mbusa sangalalike popanda kutsutsa Korani pa mfundo zimenezi, ndipo shehe sangaphunzitse popanda kutsutsa chiphunzitso cha mipingo. Kuletsa kutsutsana kotere ndiko kuletsa zipembedzo zonse ziwiri. Kumva kuwawa mumtima pakumva chiphunzitso cha mnzako sikuli umboni wakuti iye walakwira lamulo. Ufulu womwewo uteteza wosiya chipembedzo cha makolo ake kulowa china, wotsutsa akulu a mpingo wake, ndi wotsata za makolo ku dambwe la Gule Wamkulu, amene kawirikawiri anyozedwa ndi mbali zonse ziwiri.

Chachiwiri ndi kunyoza dala: kung'amba buku lopatulika la anzako pa msika, kutukwana mneneri wao pa chimkuzamau cholozetsedwa ku khomo lao, kuwatcha maina achipongwe. Wochita izi safuna kukopa munthu, afuna kumkwiyitsa. Zojambula zonyoza Muhammad zofalitsidwa ku Denmark m'chaka cha 2005 zinautsa zipolowe zimene zinapha anthu ambiri m'maiko akutali, ngakhale ku Nigeria, osalakwa konse. Wonyozayo analakwa, wakupha mnansi wake chifukwa cha chithunzi cha ku Ulaya analakwa koposa.

Chachitatu ndi kuitanira anthu ku chiwawa, kapena kuwauza kuti a chipembedzo chakuti sali anthu, sali a dziko lino. Pamenepa Boma liyenera kugwira msanga, mosayang'ana nkhope. Dziko la Rwanda linaona m'chaka cha 1994 chimene wailesi ingachite ikaloledwa kutcha anthu tizirombo. Madzi akatayika saoleka.

Choopsa chili mbali ziwiri. Wolamulira wamantha aletsa choyambacho poopa phokoso, naphunzitsa anthu kuti wopfuula kwambiri ndiye apambana. Wolamulira waulesi alekerera chachitatucho m'dzina la ufulu. Muyeso wabwino ndi wakuti lamulo limene aligwiritsa pa shehe lero akhale wokonzeka kuligwiritsa pa mbusa mawa, mosasintha mau ndi amodzi omwe.

Udindo wa mphunzitsi ndi wantchito wa Boma

Mpingo wa Chikatolika, pa msonkhano wake waukulu wa ku Vatican, unalengeza m'chaka cha 1965 kuti uyang'ana Asilamu ndi ulemu, nupempha mbali zonse kuiwala udani wakale. Mau otere a akuluakulu ali bwino, koma akhala amoyo pokhapokha atafika m'kalasi ndi mu ofesi.

Mphunzitsi wa mbiri yakale akafika pa mutu wa Jumbe, aphunzitse zonse, zombo za akapolo pamodzi ndi mpunga, ndipo akafika pa amisyoni aphunzitse chipatala pamodzi ndi sukulu imene inatsekereza ana ena kunja. Asalole kuti maso a kalasi atembenukire kwa mwana mmodzi chifukwa cha dzina lake. Mphunzitsi wamkulu adziwe nthawi ya Ramadani monga adziwira ya Pasaka, ndipo aitane shehe ndi mbusa ku komiti ya sukulu mkangano usanabuke, pakuti anthu okumana koyamba pa tsiku la ndeu sakhulupirirana. Wokonza msonkhano wa Boma asauike pa ora la mapemphero a Lachisanu kapena la Lamulungu ngati pali ora lina, aonetsetse kuti nyama ya pa nkhomaliro ingadyedwe ndi onse, ndipo pemphero lotsegulira likaperekedwa kwa wa mbali imodzi, lotsekera lipite kwa wa mbali inayo. Wolemba anthu ntchito, wogawa malo ndi wopereka chilolezo cha msonkhano ayang'ane pepala, asayang'ane chisoti kapena korona. Ndipo uthenga wonyoza ukafika pa foni ya wantchito wa Boma, uthere pomwepo.

Izi zioneka zazing'ono, koma ndi zazing'ono zotere zimene zasunga anthu a ku Bua, kumene madzi a m'ngalande imodzi alowa m'munda wa Msilamu natulukira m'munda wa Mkristu, ndipo wotseka ngalandeyo chifukwa cha mkwiyo aumitsa mpunga wa mlamu wake. Boma lilibe mzikiti, lilibenso tchalitchi. Msonkho liulandira kwa onse, ndipo mangawa ake ali kwa onse. Wantchito wake ali ndi ufulu wonse wa kupembedza monga mtima wake umuuza, ndi wa kutsutsa chiphunzitso chimene sachikhulupirira. Koma akakhala pa mpando wa ofesi kapena akaima patsogolo pa bolodi, ali wa mwana aliyense wa dziko lino.